Ndinayanika padzuwa zimbale za amuna anga

Linali Lachinayi, nthawi ya 10 koloko m'mawa, mwezi wa Okutobala, pamene ndinawononga ndi manja angawa chuma cha malemu amuna anga. Panali patangotha masabata atatu chiwaikireni m'manda. Sindinachite mwankhanza ayi, ine ndinkati ndikusamala. Inu owerenga, ndimvereni kuti zisadzakuonekereni.

Sukulu ndinalekezera Sitandade 3. Amuna anga, bambo a Teleza, anagwirako ntchito kumigodi ku Joni. Anzawo pobwerera ankanyadira njinga ndi mabulangete. Iwonso njinga anabwera nayo, koma chimene anachifukata pamiyendo mpaka kutsika basi pa Madisi chinali galamafoni ya mabatire ndi zimbale khumi ndi ziwiri. Zinali nyimbo za azungu, za magitala olira ngati chigayo ndi ng'oma zosadziwika kavinidwe kake. Pa zikuto zake panali anyamata a tsitsi lofika m'mapewa. Masiku amenewo mwamuna sankaloledwa kusunga tsitsi lotere, ndiye bambo a Teleza anamata zikuto zonse ndi mapepala a matumba a simenti, kuti ofunsa makadi a chipani akafika pakhomo asapeze chotifunsa.

Lamulungu lililonse tikabwera ku Misa kunkafika mnzawo, a Saidi, Msilamu wa golosale pa Madisi, amene anali nawo limodzi ku Joni. Ankabwera ndi mabatire m'thumba la jekete. Awiriwo ankakhala m'chigafa cha fodya, galamafoni pampando, lichero la mtedza pakati. Chimbale chikatha mbali zonse ziwiri, aliyense ankaika mtedza pa chikuto chake. Chokoma kwambiri chinkalandira njere zisanu, chachabechabe imodzi. Apo ndiye mkangano unkayambira. A Saidi ankati woimba ng'oma wa chimbale chakutichakuti ndi waulesi, amafika mochedwa ngati basi ya ku Ntchisi nthawi ya dzinja. Bambo a Teleza ankayankha kuti makutu a mnzawo anatsalira mumgodi. Chizungu cha m'nyimbomo onse awiri sankachimva bwino, koma ankadziwa pamene gitala yalowa, pamene woimba watopa, ndiponso chimbale chimene chimayamba bwino n'kukathera patchire. Akamaliza, mtedza wogamulira uja ankaudya okha.

Ine ankandiitana sabata ndi sabata. "Amake Teleza, tabwerani mudzatiweruze, kuno mlandu wakula."

Yankho langa linali limodzi, loti zonsezo ndi phokoso. Zaka zisanu ndi zinayi sindinakhalepo pansi m'chigafa muja. Ndinkati mayi wa ana anayi alibe nthawi yomvera azungu akukuwa.

Koma tsiku lina ndikusinja nsinjiro pafupi ndi khitchini, munsi wanga unayamba kutsata ng'oma ya chimbale china, chiuno nachonso osatsalira. Pocheuka ndinapeza bambo a Teleza akundiyang'ana, akumwetulira. Ndinakanitsitsa, ndinati ndi mtondo umene ukugwedera. Kuyambira tsiku limenelo ankachitcha chimbale cha amayi.

Chifuwa cha kumgodi chinawatenga pang'onopang'ono. Miyezi yomaliza sankathanso kufika kuchigafa, galamafoni inali pambali pa mphasa yawo. Atamwalira, abale awo anatenga njinga, jekete ndi wailesi. Galamafoni ndi bokosi la zimbale anandisiyira, amalume awo anati ndi zinthu zongosokosa.

Lachinayi lija nditatsegula bokosilo, munatuluka fungo la nkhungu ndi mphemvu. Ndinachita manyazi kuti zinthu zimene mwini wake ankazipukuta ndi mpango zafika potero. Kwathu kuno chinthu chikachita nkhungu timayanika, kaya ndi ufa, mphasa kapena zovala. Choncho ndinazitulutsa m'zikuto, ndinazipukuta chimodzichimodzi, n'kuziyala pa lata lakale limene ndimayanikapo mtedza. Zinkanyezimira, ndipo mtima wanga unakondwa koyamba chichitikireni maliro. Kenako ndinatenga ndowa kupita kudimba kukathirira.

Ndinabwerako dzuwa lili pamutu. Zimbale zonse zinali zitapindika ngati masamba a nkhwani ofota, zina zitatsata mizere ya lata. Ndinayesa kuwongola chimodzi pochipsinja ndi mtondo, chinangosweka pakati. Ndinakhala pansi pomwepo. Pamaliro ndinalira monga amalirira aliyense, koma tsiku ili ndi pamene ndinamvetsa kuti Lamulungu pakhomo panga pazikhala zii.

Lamulungu lotsatira a Saidi anafika ndi akazi awo, mabatire ali m'thumba ngati kale. Anati akufuna kumuimbira mnzawo kamodzi komaliza. Ndinatsala pang'ono kunama kuti zimbale anatenga abale. Koma ndinalowa m'nyumba, ndinatuluka nazo m'lichero, n'kuwauza zonse ndili chogwada. A Saidi anazitembenuza chimodzichimodzi, ngati munthu woona mbuzi zake zitafa ndi matenda. Sanandikalipire. Anangoti akuona khumi ndi chimodzi, chinacho chili kuti? Ine sindinadziwe. Anatsegula chivundikiro cha galamafoni, ndipo chinali momwemo, chili bwinobwino. Chinali chimbale cha amayi. Ndicho chimene odwala anamvera komaliza.

A Saidi anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Alamu, ichi mnzanga sanachipatsepo njere zoposa ziwiri. Ankati oimba ake ndi ana, gitala sanaidziwe. Koma ankachisunga pambali mpaka aone kuti mwatulutsa mtondo, ndiye achiike."

Tsiku limenelo ndinalowa m'chigafa koyamba. Ndinakhala pamphasa ndi akazi a Saidi, ndinamvera mbali zonse ziwiri mpaka singano kufika pakati. Mbali yoyamba ndinenebe zoona, muli phokoso. Koma yachiwiri ili ndi nyimbo ina imene gitala imayamba yokha pansipansi, ngati munthu amene akuopa kudzutsa mwana, ng'oma n'kudzabwera pambuyo. Itatha, a Saidi anandikankhira lichero. Ndinaika njere zinayi. Iwo anaseka, misozi ili m'maso, anati ndawonjeza, malemu sakanalola. Ndinawauza kuti chimbalecho ndi changa, mwini wake ananena yekha.

Inu owerenga, makamaka amayi anzanga ofedwa, chinthu cha malemu chimene simukuchidziwa musachigwire musanafunse amene ankachidziwa. Pa Madisi panali pafupi, ndikanangotuma mawu. Koma chimene chimandiwawa kwambiri si lata lija. Munthu anandiitana zaka zisanu ndi zinayi kuti ndidzakhale naye pansi, ine n'kumati ndatanganidwa. Ndikanapita ngakhale kamodzi, ndikanaona mmene ankathawitsira zimbale zake dzuwa likalowa m'chigafa. Ngati wanu ali moyo ndipo ali ndi kake kamene amakakonda, kaya inu mukukaona ngati kachabe, siyani mtondo pang'ono mukamve.

Zimbale zopindika zija sindinataye, zili m'zikuto zake m'bokosi. Chotsalacho ndimachisunga pansi pa bedi, kutali ndi zenera. Lamulungu lililonse ndikabwera ku Misa ndimachiika pa galamafoni, ndimamvera mbali zonse ziwiri, n'kuika njere zanga zinayi.