Mfuti Yodziwa Mwini Wake

Dzulo ndikuthira mafuta m'mahinjesi a chitseko, fungo lake linandibwezera pakhonde lathu ku Magwegwe.

Amalume anga, omwe kale anali mlonda pamgodi, anali ndi mfuti yawoyawo. Loweruka ankabwera nayo kwathu kudzaipukuta ndi mafuta a makina osokera a amayi.

"Achimwene, mwachotsa zipolopolo?" amayi ankafunsa ali pamakina.

"Hayi wena! Iwetu, soka madiresi ako. Zaka makumi awiri ndili nayo. Imandidziwa."

Ine ndinkakhulupirira. Ndinkaganiza kuti mfuti ili ngati galu, moti ndikamadutsa ndinkaipatsa moni kuti nanenso indizolowere.

Tsiku lina amayi anawerama kuti atole sizasi yomwe inagwa. Phuu! M'makutu mwanga munalira. Chipolopolo chinaboola khoma pamene panali mutu wawo, fumbi la simenti n'kuwathothokera kumsana.

Amalume anayang'ana mfuti yawo, kansanza ka mafuta kali m'manja.

"Amalume," ndinafunsa ndi chisoni chenicheni, "yakuiwalani?"

Amayi anakana kuti bowolo limatidwe. Amalume akabwera, ankawaikira mpando moyang'anizana nalo.

Zaka makumi awiri za ukatswiri zija sizinapulumutse munthu. Inapulumutsa amayi ndi sizasi.