Mikono Iwiri pa Chitenje Chimodzi

A Zakalia a ku Zingalume ndi mlimi wa mtedza ngati tonsefe, koma alinso m'gulu lija lothandiza apolisi m'midzi, limene timangoti a nebahudi. Anzawo amayenda ndi zibonga ndi chingwe. Iwo ankayenda ndi chitenje chakutha cha akazi awo. Akagwira munthu, amamanga mkono wake ku mkono wawo, mfundo imodzi, n'kuuyamba wapansi wa ku polisi. Tinkawaseka kuti, kodi wakuba ndi uti apa?

Anabwera kuno ali mwana, kuthawa nkhondo ya ku Mozambiki. Iwo sakonda kuzikamba. Akazi awo, a Monika, ndiwo anandiuza kuchigayo kuti tsiku lina anthu a mfuti anamanga bambo awo a Zakalia ndi luzi, nati, "Tikawafunse chabe, abwera." Mwanayo anafuna kutsatira, amake anamugwira. Mpaka lero sadziwa pomwe pali manda.

Ine Lonia ndili ndi mtima wapachala, sindibisa. Chaka chatha, nthawi yokumba mtedza, mbuzi yanga inasowa, ili ndi bere. Masana ake anthu anapeza Robson, mkamwini wa mudzi wa patsidya, akuisenda kudambo. Pomwe ndimafika anali atamugwetsa kale, wina akukuwa kuti bweretsani udzu ndi machesi. Ndinakondwa, Mulungu andikhululukire.

A Zakalia analowa pakati pa anthu osathamanga. Anagwada, namanga chitenje chija, namudzutsa Robson n'kuima naye phewa ndi phewa.

"Munthuyu tsopano ali m'manja mwa boma," anatero. "Womenya amenye tonse awiri."

"Mbuziyo ndi yanga kapena yanu, a Zakalia?" ndinakuwa.

"Ndi yanu, mayi. Tiyeni mukanene komweko."

Anthu anasendera m'mbuyo, ine ayi. Ndinatola mwala n'kulinga Robson, koma unakawapeza a Zakalia pamwamba pa diso. Magazi anatsikira m'kolala. A Zakalia sanadzipukute n'komwe, poti mkono wina unali womangidwa, wina utanyamula chikopa cha mbuzi ngati umboni. Anangoyamba kuyenda. Ndinatsatira m'mbuyo, ndikudziwa kuti lero ogona m'selo tikhala awiri.

Tinayenda maola awiri padzuwa. Wapolisi amene tinamupeza pakauntala ataona magazi anadzuka, n'kuloza Robson.

"Wakumenyani ndi ameneyu?"

"Iyayi, bwana. Uyu anali womangidwa. Mwala unachokera m'gulu."

"Waponya ndani?"

A Zakalia sanacheuke.

"Za ine sindidandaula. Lembani kuti Robson wafika wamoyo, akuyenda yekha, watupa mlomo chabe. Mawa ndibwera kudzamuona."

Anaima pomwepo mpaka wapolisi atalemba n'kuwawerengera, ndiye anamasula mfundo. M'mawa mwake anapitadi, diso lili lotupa, atanyamula mbatata yophika. Amatero ndi aliyense amene amupereka: amabwerera kukamuona ndi maso awo. Robson anakaonekera kukhoti, analandira chilango chake, ndipo pano anatuluka, akulima.

Tsiku la mwala lija, pobwerera tinadzera kukiliniki, anawasoka katatu. Tili m'njira ndinalephera kupirira.

"A Zakalia, ndine ndinaponya."

"Ndinakuonani."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Bola unagwera ine, mayi. Ukanagwera iye, onse aja akanatola yawo."

Ndinalira ngati mwana, pamsewu, njinga zikudutsa. Manyazi amenewo sanandichoke, makamaka ndikamaona chipsera chawo tikakumana kudimba. Mbuzi ndimaidandaulabe, sindinama, inali yabwino.

Chitenje chija magazi sanachoke ngakhale anachichapa ndi sopo, ndiye a Monika anachitaya. Chimene a Zakalia amayenda nacho m'thumba masiku ano ndi changa.