Mkazi wa Wometa ndi Thovu la M'botolo

Mayi wina wosoka zovala anakwatiwa ndi wometa tsitsi m'chaka cha 2011, ndipo chaka chotsatira anabereka mwana wamkazi. Kuchokera pamenepo sanaimenso. Apongozi ake akabwera kudzayesa diresi, ankamuyang'ana pamimba n'kunena kuti, "Makinawa ndiye amabereka, eni ake ayi."

Mu Malichi 2016 ululu wa m'chinena unamugwetsa pampando wosokera. Kuchipatala anamupeza ndi chinzonono chokhalitsa, chimene chinali chitafika kale m'njira za mazira. Mwamuna wake ataitanidwa, analowa akupukusa makiyi kuchala.

"Ine ndinachira kalekale, adokotala," anatero. "Ndinadzitsuka ndi perokisaidi, uja timayeretsera tsitsi. Thovu lake kuti fwaa! Tizilombo tonse kupsa."

"Bambo, mankhwala amenewo thupi lanu limapanga lokha," anayankha dokotala. "Maselo oyera a m'magazi amathira kachilomboka, koma iko kali ndi chida chowaswera n'kuwasandutsa madzi ndi mpweya. Thovu munaonalo ndi mankhwala akutha mphamvu. Matenda anangobisala, ndipo mwakhala mukupatsira akazi anu."

Mayiyo anangomva liwu limodzi: kalekale. Onse awiri atabayidwa jakisoni, mayiyo anagwira mwamuna wake malaya pakhonde la chipatala.

"Kalekale liti, bambo a mwana?"

"Tsitsani mawu, mayi, anthu akutiona."

"Ationedi! Ndiye kuti munkadziwa? Amayi anu akunditcha chumba, inu phee, mukudzithira za m'tsitsi ngati mutu wa kasitomala!"

Dokotala anali atamuuza mayiyo mosabisa kuti zipsera za m'njira za mazira sizichoka ndi jakisoni, ndipo sakanalonjeza mwana wina. Choncho mayiyo anapempha chinthu chimodzi chokha: mwamunayo akauze mayi ake zoona zake ndi pakamwa pake. Iye anazengereza mwezi wonse, akuti ntchito yachuluka.

Mu Epulo mayiyo analowa m'chipinda chometera, apongozi atakhala pabenchi pamodzi ndi makasitomala, nazimitsa makina ometera pakhoma. Anafotokoza zonse mwadongosolo, osasiya dzina la matenda. Bambo wina anatuluka mutu utametedwa mbali imodzi.

"Mwatichititsa manyazi, mwana inu," anatero apongozi.

"Manyaziwo ndawasenza ndekha zaka zonsezi, amayi. Lero tigawane."

Sabata yomweyo anasamutsa makina ake osokera ndi mwana wake kupita pakhonde la sitolo ya nsalu, mumsewu wina. Amasoka pomwepo mpaka lero. Mwana wachiwiri sanabwere, ndipo palibenso amene amamufunsa chifukwa chake.