A Noelene ndi Ekiselo Yopanda Mtanda

A Noelene Farrugia agwira ntchito zaka makumi atatu ndi zinayi pabwalo la magalimoto akufa la achimwene awo, kunja kwa tawuni ya Castlemaine. Pachikwangwani cha pageti pali dzina la achimwene awowo, a Charlie, lokha. A Charlie ndiwo amalonjera makasitomala, kuseka nawo ndi kutchula mtengo. A Noelene amakhala kuseri, pa mgolo wodulidwa pakati wodzaza palafini, akutsuka zitsulo. Anayamba ali mtsikana, bambo awo atawapempha kuti athandizeko mlungu umodzi wokha. Sindinamvepo kuti analandirapo malipiro, ndipo sindinawafunsepo.

Kwathu kuno shedi iliyonse ili ndi galimoto yakalekale imene mwini wake akuikonzanso, kuiika injini yaikulu ndi utoto wowala. Injini yamphamvu chotero imafuna ekiselo yakumbuyo yolimba, chitsulo cholumikiza magudumu awiri, ndiye amuna amasakasaka zakale zochotsedwa m'magalimoto ena. Munthu akabwera nayo kudzafunsa ngati ndi yabwino, a Charlie amaizungulira, kuigogoda ndi nsapato, kenaka amati, "Dikirani ndikaone m'buku." Buku kulibe. Amapita kuseri kukafunsa mlongo wawo. Aliyense amadziwa, koma pochoka amathokozabe a Charlie.

Ine ndinazolowerana nawo ku kalabu ya magalimoto, kumene tinkapaka batala pa buledi amuna akamakangana za mainjini.

Amuna anga a Trevor anamwalira mu Marichi. Patapita miyezi iwiri ndinalimba mtima kuyeretsa m'shedi mwawo. Pakona panali maekiselo awiri ofanana ndendende, akuda bii ndi girisi. Ndinawakokera panja ndi kangolo, ndinawakwecha ndi burashi ndi sopo, ndi kuwabwezera mkati akuwala. Mlungu wotsatira mwana wanga Brenton anatengapo imodzi kukaika m'galimoto yake yobiriwira ya 1934.

Lachitatu lina anandiimbira foni. Anati wamaliza kukonza galimoto, ndipo Loweruka apita nayo ku msonkhano wa kalabu kuseri kwa mapiri, ana ake aakazi awiri ali kumbuyo.

"Ekiselo ija ndi yabwinobwino?" ndinafunsa mongofunsa.

"Musade nkhawa, Amayi. Bambo chitsulo choipa ankachilemba mtanda wa choko chachikasu. Ndinayang'ana onse awiri, panalibe mtanda."

Ndinakumbukira madzi a sopo akutsika achikasu. Ndinali nditaona mtanda, ndinauyesa litsiro. Sindinkadziwanso kuti unali pa ekiselo iti. Ndinangoti, "Chabwino, mwanangu," n'kuika foni pansi.

M'mawa mwake ndinapita pabwalo paja. A Charlie ananditchingamira pageti.

"Mayi Glenys! Mwayamba kumanga galimoto yanu?"

"Ndabwera kwa a Noelene."

"Ndiuzeni ine. Zonse zimene amadziwa uja ndinamuphunzitsa ndine."

"Unandiphunzitsa kutsuka makapu ako, Charlie," mawu anamveka kuchokera kuseri.

Ndinawafotokozera zonse a Noelene nditaima pafupi ndi mgolo wawo. Anapukuta manja pa ovolo n'kundiyang'ana.

"Munatsuka? Ndi sopo?"

"Ndi burashi yawaya yomwe."

Anaseka pang'ono, osati mondinyoza. "Mwamuna aunjike nyansi zaka makumi atatu, mkazi ayeretse tsiku limodzi, wolakwa akhale mkazi. Akanalemba ndi utoto, kapena kungokuuzani pakamwa. Tiyeni tikaione yotsalayo." Ananyamula thumba la masipanala n'kukuwira achimwene awo kuti tiyi adziphikire okha.

Tinalowa m'shedi mwa a Trevor. Anamasula kabawuti kotsekera oyilo, anapisamo chala n'kununkhiza. Anatuluka padzuwa, kutikita oyiloyo pakati pa zala, kuona ngati muli tizitsulo tonyezimira. Munalibe. Anazunguza mbali imodzi pang'onopang'ono, nsonga ya sikuludiraiva ataikhudzitsa pa difu, chibokosi cha magiya chapakati pa ekiselo, chogwirira chake chili pakhutu. Anayeza ndi tepi uku ndi uku.

"Oyilo ndi wabwino. Magiya sakulira. Chitsulo sichinapindike," anatero.

Iyi ikakhala yabwino, ndiye kuti yoipa ili pansi pa mpando umene zidzukulu zanga zidzakhalepo.

"Musayambe kulira, sindinathe," anatero osandiyang'ana. "Gwirani tochi iyi."

Anamasula mabawuti anayi kumanzere n'kusolola shafiti, chitsulo chachitali chimene chimazunguza gudumu. Kumapeto kwake kuli mano ang'onoang'ono amene amalowa m'difu. Anawapukuta, anayendetsapo chikhadabo, n'kuiika pambali. Kenaka anasolola yakumanja. Anaipukuta kawiri, ndipo anandiitana ndi mutu.

"Onani apa."

Manowo sanali owongoka. Anali opotoka pang'ono, ngati nsalu yoti wayamba kuifinya.

"Wina ankanyamuka nayo mwankhanza, matayala mpaka utsi. Imayenda bwinobwino mwezi, kaya chaka. Tsiku lina pokhota imangoti thyo, gudumu lake ulendo. Trevor anaziona izi. Chikhokho chake chakunjachi munthu angagule, koma shafiti iyi ndi yongogulitsa pasikelo ngati chitsulo chotha ntchito basi."

Ndinakhala pa ndowa yovundikira n'kupuma kwambiri. "Ndiye ya Brenton ndi yabwino."

"Wanena ndani? Iyi ndi yoipa, inde. Inayo sindinaione. Munatsuka mitanda ingati?"

Ndinaganiza ndithu. "Sindikudziwa."

"Muimbireni."

Kumuuza Brenton kunandivuta kuposa zonse. Nditamaliza kumufotokozera pa foni, anangoti tibwere Lachisanu masana akaweruka.

Tinamupeza akupukuta galimoto, nkhope ili gwa.

"Anti Noelene, ndamanga kale zonse. Mabuleki ndamaliza dzana lomweli. Ndinaizunguza ndekha, imayenda myaa."

"Inzake nayonso imayenda myaa. Kweza jeke."

"Koma Anti, kumasula zonsezi ndi maola atatu."

"Ana ako unawalera maola angati? Bweretsa sipanala, usandionetse utoto, utoto sunyamula munthu."

Brenton anayang'ana kwa ine, ine ndinayang'ana pansi. Anagwada n'kuyamba kumasula magudumu. A Noelene anakhala pa kreti akumuyang'anira, nthawi zina n'kumati, "Osamenya ndi hamala, si mdani wako." Ine ndinkaika mabawuti m'mbale yakale ya ayisikilimu kuti asasowe.

Shafiti yoyamba inatuluka. Chikhadabo cha a Noelene chinayenda pa dzino lililonse, kuzungulira mpaka pamene anayambira. Yachiwiri inakanirira, Brenton anatukwana, a Noelene anamuuza kuti amayi ake ali pompo. Itatuluka anapita nayo pakhomo pamene panali kuwala, anatseka diso limodzi n'kuiyang'ana kuchokera kumapeto ngati munthu wolozetsa mfuti. Anaigubuduza pa tebulo lachitsulo. Inayenda osadumpha.

"Bambo ako ankadziwa kugula," anatero. "Iyi usadzaigulitse kwa munthu. Manga, utenge ana, upite."

Brenton anakhala pansi pa simenti, nsana atatsamira tayala. Anapukuta nkhope ndi mkono n'kudzipaka girisi pachipumi.

"Ndikanatenga inayo," anatero motsitsa. "Ndinangonyamula imene inali pafupi ndi chitseko."

"Ndine ndinalakwitsa, mwanangu."

"Ayi, Amayi. Ndinamanga chitsulo chakale osachitsegula, ndinadalira choko." Anadzuka n'kutulutsa chikwama. "Anti, ndikupatseni zingati?"

"Bweza kachikwamako. Ugule labala yatsopano yotchingira oyilo kumanja uku, yakaleyi yauma. Ndipo undiperekeze, mchimwene wanga ameneyu mwina wagulitsa kale geti."

Loweruka masana foni inalira. Brenton anali atafika bwino, ndipo ana ankadandaula kuti galimoto ya bambo awo ili ndi phokoso, sankamvana polankhula. Ndinawamvetsera onse awiri, mmodzimmodzi, mpaka anatopa okha.

Lolemba ndinaphika masikono n'kupita nawo pabwalo paja. Ndinadutsa pa ofesi osaima. A Noelene ndinawapeza pa mgolo, manja onse awiri ali m'palafini mpaka m'zigongono, akutsuka magiya a munthu wina.

"Afika?" anafunsa.

"Afika, abwerakonso."

"Basi." Anayang'ana mbale. "Muli jamu?"

"Wa mapulamu."

"Manja angawa sangagwire chakudya mpaka madzulo, ndipo mukasiya apo Charlie amaliza."

Ndinanyema sikono imodzi n'kuwaika pakamwa. Anatafuna akutsukabe, ndipo ndinakhala pa kreti pambali pawo kudikira kuti ameze.