Dzanja Lamanja la Bambo a Dennis

Amuna anga, a Laurenti, amene ine ndimawaitana kuti bambo a Dennis, anandithera machubu a njinga, khonje loyanikapo zovala, ngakhale nsapato yanga yachikopa yopitira ku tchalitchi. Zonsezo zinathera pa zogwirira za ndodo zowedzera nsomba. Ndinkakalipa mpaka oyandikana nafe kuno ku Zingwangwa ankasuzumira pawindo, koma munthu wa ku Nsanje ukamamuletsa za nsomba umangotaya malovu.

Tinachoka kwathu kwa Tengani tili ndi mwana mmodzi kumsana, iwo atapeza ntchito yonyamula matumba pa fakitale ina ku Makata. Ntchitoyo anaigwira mpaka imvi, koma mtima wawo sunachoke pa Shire. Loweruka akaweruka ankatenga nsungwi, kuiwongola pamoto, n'kutsetsereka nayo ku damu la Chimwankhunda. Anzawo owedza ataona kuti ndodo za a Laurenti siziterera m'manja, anayamba kubwera pakhomo ndi nsungwi zawo kuti awakulungire zogwirira.

Munthu akafika, nsungwi yake iwo sankayamba aiyang'ana ayi. Ankayamba agwira chikhatho cha mwini wakeyo, kuchitembenuza, kuchipapasa ngati akusankha papaya pamsika. Wa manja a thukuta ankamukulungira khonje, poti chubu chikanyowa chimaterera. Wa manja ofewa, wa mu ofesi, ankamuikira chubu chodula mopyapyala kuti khonje lisamutulutse matuza. Nsapato yanga ija inathera pa ndodo ya a Nikolasi, makanika wa ku Bangwe, ati chikopa ndicho chimagwirizana ndi manja a girisi. Nsanza ankazikana chifukwa zimamwa madzi n'kununkha. Koma chimene ankadana nacho kwambiri ndi siponji. Ankati siponji ndi yogontha: nsomba ikamadya nyambo, kunjenjemera kwake kumathera m'menemo osafika padzanja.

Chaka chatha, nyengo yozizira, anagwa akusamba. Sitiroko. Anatuluka m'chipatala mwendo ukukwakwaza pansi, pakamwa patakhota pang'ono, koma chimene chinawasweratu mtima ndi dzanja lamanja. Zala zinkapindika theka lokha, ndipo dzanjalo silinkamva kanthu. Tsiku lina anatsamira pa mbaula yamoto iwo osadziwa, ndine ndinamva fungo la khungu. Ndinalira tsiku limenelo, sindibisa. Ku mafizo, kowongola ziwalo, tinapita, a limana anabwera kudzapemphera, koma iwo ankangokhala duu pakhonde, dzanja lili pamwendo. Ankafuna kudziwa chinthu chimodzi chokha, ngati dzanjalo linafa kapena langogona. Adokotala ankati tidikire, ndipo kudikirako ndi kumene kunkawadya.

Mvula itatsala pang'ono kuyamba anandiuza kuti ndiwatsitsire nsungwi imene inali kudenga. Ankafuna kupita ku damu. Dennis, mwana wathu woyamba amene amayendetsa minibasi ya ku Limbe, anawafunsa kuti bwanji osangowedza ndi dzanja lamanzere, poti ndi labwinobwino. Bambo ake anamuyankha kuti nsomba zili pamsika, iwo sakupita kukafuna ndiwo.

Kukulunga kunagwera ine, amene ndinakhala moyo wanga wonse ndikunyoza ntchitoyo. Iwo ankalamula, ine ndikukoka. Tinayamba ndi khonje. Linagwira ndithu, koma linawasupula pakati pa zala iwo osamva, ndipo ndinalimasula ndekha ndisanauzidwe. Chikopa chinaterera chifukwa zala zinalibe mphamvu yofinya. Apo Dennis anabwera ndi siponji yochokera ku matiresi akale, naikulunga yonenepa ngati botolo, kuti zala zopindika theka zija zikwanirepo. Abale inu, inagwira! Ananyamula ndodo m'mwamba osagwa, ine mpaka kuwomba m'manja. Iwo anangoigwedeza pang'ono, n'kunena kuti tichotse.

Dennis anapsa mtima, nanenso ndinapsa. Mwanayo anati chabwino, tiike chubu chimene akufunacho, koma ndodoyo tiimangirire padzanja kuti isagwe.

"Nkhabe," anatero bambo ake. Akakana m'Chisena, nkhani yatha.

Kwathu ku Shire munthu samangirira ndodo kapena chingwe pathupi. Chimene chameza mbedza pansi pa madzi sukuchiona, mwina ndi ng'ona, ndiye pamadzi uyenera kukhala wotha kusiya. Dennis anaseka kuti ng'ona ya ku Chimwankhunda anaionapo ndani. Ine ndinawauza kuti amenewo ndi makani basi, makani omwe aja anandithera nsapato. Iwo anangondiuza kuti ndipale nsungwiyo ndi mpeni, kenako ndikulunge chubu chopyapyala kamodzi kokha, moti mfundo za nsungwi zizimveka pansi pake. Ndinawachenjeza kuti ndodo yotere idzawapulumuka. Anavomera kuti inde idzawapulumuka.

Tinapita Loweruka m'mawa, iwo pa kabaza, ine ndi Dennis wapansi. Tinawakhazika pamwala m'mphepete mwa madzi. Nyongolotsi ndinaika ine pa mbedza, ngakhale zimandinyansa mpaka lero. Kachidutswa ka silipasi kamene amamangirira pa chingwe kuti kaziyandama n'kumaonetsa nsomba ikadya, anati tikachotse. Dennis anaponya chingwe, nalowetsa ndodo m'zala za bambo ake, kumapeto kwake kutatsamira pabondo. Kenako iwo anatsinzina, kuti maso asawauze kanthu.

Tinakhala. Dzuwa linakwera, amayi ochapa kutsidya anayanika zovala zawo. Ine maso anali pa chingwe. Ndinachiona chikugwedera, tinsomba tikudya nyambo, ndinayang'ana nkhope yawo, ili phee. Sanamve. Mtima wanga unawawa kwambiri. Dennis anavuula chingwe, mbedza ili mbee, ine n'kuikanso nyongolotsi ina. Zinachitikanso chimodzimodzi, ndipo ndinayamba kupempha Mulungu chamumtima kuti tingobwerera kunyumba asanafunse.

Kenako chingwe chinagwedera mwamtundu wina, pang'onopang'ono, n'kuima. Mwadzidzidzi chinakungika, ndodo inapindika, n'kusolokoka m'zala zawo kugwera m'madzi. Uyenera kuti unali mlamba waukulu, chifukwa tinaiona nsungwi ikuthamanga pamwamba pa madzi kulowera ku bango. Dennis anayamba kuvula nsapato kuti ailondole. Ine pakamwa panali patatseguka kale kuti ndinene kuti si ndinanena ine.

"Isiye, Dennis," anatero bambo ake, maso akadali otsinzina. "Mayi a Dennis, ndaimva. Isanakoke inayamba yagogoda, kenako inaima."

Ndinakhala pansi pamatope pomwepo. Zimene ananenazo ndi zimene ndinaona ndi maso anga, ndipo awo anali otseka. Ndinawafunsa kuti aimva pati. Anatenga chala cha kumanzere n'kuloza patsinde pa chala chachikulu cha dzanja lodwalalo, kamalo kochepa ngati njere ya chimanga. Misozi inkatsika mbali yokhota ija ya pakamwa, iwo osaipukuta.

Ndinaligwira dzanjalo ndi manja anga onse awiri, ndipo ndinafinya pamalopo ndi chikhadabo, mwamphamvu kuposa m'mene ndinkafunira.

"Pang'onopang'ono, Helena," anatero. "Zikupweteka."