Chitsa cha Jasimini ku Al Warqa

Stephano Namakhwa anabadwira m'makomboni a pa esiteti ya tiyi ku Mulanje, ndipo manja ake anazolowera mpeni asanazolowere pensulo. Bambo ake anali a gulu la puluningi, anthu aja amene kukayamba kuzizira amalowa m'munda n'kudula tiyi yense mpaka m'mawondo, kusiya zitsa zosalala pamwamba ngati tebulo. Mlendo akaona amati munda wafa. Eni ake amadziwa kuti mvula ikagwa tiyi uja aphuka mwaukali kuposa kale. Stephano anagwira ntchitoyi kuyambira unyamata mpaka imvi zitayamba kusuzumira m'ndevu, ndipo ankanyada nayo mopyola muyezo. Akaona mtengo wa nthambi zopiringizana, manja ankamuyabwa.

Ku Dubai anapita monga amapitira ambiri, atamva kuti kuli ntchito yoyeretsa m'mahotela. Anakolopa ku Al Garhoud, ndege zikubangula pamutu, madzulo n'kukagona m'nyumba za kampani pa mabedi osanjikizana. Sankadandaula, koma sankasangalalanso. Amene anamuchotsa kumeneko ndi Dainess, mayi wa ku Phalombe yemwe ankapemphera naye tchalitchi chimodzi. Dainess ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Al Warqa kwa Mayi Shamsa, mayi wachikulire wamasiye, woyenda ndi ndodo, amene wamaluwa wawo anali atabwerera kwawo.

"Achimwene, si inu mumati mitengo mumaidziwa?" anatero Dainess. "Madamu akufuna gadeniboyi. Ndakutchulani inuyo, ndiye musakandichititse manyazi."

Mapepala atakonzedwa, Stephano anayamba ntchito mu Okutobala. Kwathu umenewu ndi mwezi woti ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa, koma ku Dubai ndi pamene kutentha kumayamba kugonja, anthu n'kutuluka kukabzala zoti zidzachite maluwa cha m'Malichi. Zambiri zinamuseketsa. Dothi ankachita kugula, lobwera pa lole. Manyowa a ng'ombe ankabwera m'matumba olembedwa bwino ngati shuga. Mvula panalibe woidikira. Madzi ankadontha okha m'timapaipi takuda toyalidwa pamchenga. Iye anakumba maenje m'mbali mwa mpanda, anasakaniza dothi logulalo ndi manyowa, nabzala mbande za zitsamba za maluwa, chilichonse n'kuchizunguliza kakhwawa koti madzi asathawe. Zonse zinagwira, ndipo munthu wamkuluyo anayamba kuyenda moimba mluzu.

Pansi pa zenera la chipinda cha Mayi Shamsa panali chitsamba china chimene sichinkamupatsa mtendere. Anali jasimini wokalamba, wa thunthu lokhuthala ngati mkono, nthambi zake zolowerana, zouma ndi zamoyo pamodzi. Dzuwa likapendeka Mayi Shamsa ankakhala pampando pafupi naye, n'kumathyola timaluwa toyera totsalira. Stephano ankangoti ndi chizolowezi cha okalamba. Chimene ankaona iye chinali chitsamba cholekereredwa.

Tsiku lina mu Novembala kunacha ndi kamphepo kozizira, kofanana ndithu ndi ka Juni ku Mulanje. Mayi Shamsa anali atapita kukaona mwana wawo, Dainess ali kalikiliki m'khitchini. Stephano sanafunse munthu, chifukwa kwawo nyengo ikakwana wapuluningi safunsa. Ananola mpeni, nadula jasimini uja mpaka m'mawondo, mosamala, mabala onse opendeka bwino kuti asasunge madzi. Atamaliza anabwerera m'mbuyo kuti aione ntchito yake. Tebulo lake linali losalala moti kapitawo wa pa esiteti akanamuwombera m'manja.

Dainess atatuluka kukayanika nsalu, anaima chilili.

"Achimwene, mwatani?"

"Puluningi. Muona mmene aphukire."

"Ameneyu si tiyi. Anabzala ndi malemu amuna a madamu chaka chimene anamanga nyumba ino. Wamaluwa wakale uja ankangobudula nsonga, ndipo ankayamba wapempha. Mwandipha, achimwene."

Stephano anayang'ana mpeni umene unali m'manja mwake. Anafuna kunena kuti bwanji sanamuuze, koma anadziwa kuti naye sanafunse.

Mayi Shamsa atabwera sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anaima pa chitsacho nthawi yaitali atatsamira ndodo. Stephano, ndi Chingerezi chake cha m'hotela chosakaniza ndi manja, anafotokoza za tiyi wa kwawo, kuti chitsamba chikadulidwa chonchi chimabweranso ndi mphamvu. Mayiwo anamvetsera mpaka anamaliza.

"Inshallah," anatero, kutanthauza kuti Mulungu akalola, nalowa m'nyumba.

Kuyambira pamenepo moyo wa Stephano unazungulira chitsa chimenecho. Za ntchito yake sankaziganiza kwambiri; hotela zokolopa ku Dubai sizitha. Chimene chinkamudya mumtima n'chakuti anali atagwira chinthu cha munthu wakufa, ndipo ankafuna achibweze chamoyo. Anachimangira kamthunzi. Anatsekera chinyezi ndi masamba ouma. Anachotsa kapaipi kodontheza kaja n'kumathirira yekha ndi keni, madzi ake atayamba wawalawa ngati alibe mchere. M'mawa uliwonse ankagwada kuyang'ana m'mfundo ngati mwatuluka kadiso. Dainess, amene ukali wake sunkachedwa kutha, ankamuseka kuti ngakhale mkazi wake wa ku Mulanje sanasamalidwepo chotero. Mayi Shamsa nawo sanasinthe chizolowezi: dzuwa likapendeka ankatulukabe n'kukhala pampando wawo, manja ali pamiyendo.

Mu Januwale nthambi ina inatulutsa kamphukira kobiriwira. Stephano anathamangira kukaitana Dainess ngati kwabadwa mwana. Sabata isanathe kamphukirako kanada n'kufota. Nthambi zinayamba kuuma kuchokera pa mabala aja kutsikira pansi. Tiyi amapirira mpeni chifukwa anauzolowera kuyambira ali mbande. Jasimini uyu anakumana nawo atakalamba.

Lamlungu lina atatuluka m'tchalitchi anafotokozera Kizito, mnyamata wa ku Chipata amene ankagwira ntchito pa nazale yogulitsa mbande.

"Mudala, osavutika," anatero Kizito. "Tili na majasimini yakulu yakulu, yokalamba monga yameneyo. Nizakudulilani imodzi same same, muzafaka pamene madamu achokapo. Maso yao ni yofooka. Ikaphuka, khalas, nkhani yasila."

Nzeruyi inali yabwino, ndipo tisaname, Stephano anaitenga n'kupita nayo kunyumba. Anaisinkhasinkha masiku angapo. Mayiwo akanasangalala, Dainess akanapuma, ndipo palibe akanavulala. Koma ankati akawaona atakhala pampando paja, ankaganiza zoti adzakhala akununkhiza maluwa a chitsamba chachilendo n'kumati ndi dzanja la amuna awo, iye ali poteropo akuthirira. Zimenezo zinamukanika kumeza. Anauza Kizito kuti zikomo, asiye.

Malichi anafika ndi ulemerero wake. Zitsamba zonse zimene Stephano anabzala m'mbali mwa mpanda zinachita maluwa, ofiira, achikasu, ena ofiirira, moti anthu odutsa ankaima pageti kujambula. Iye sankaziyang'ana n'komwe. Tsiku lina masana anagwada pa chitsa chija, nakanda khungwa ndi chikhadabo, kuyambira pamwamba mpaka pamene thunthu limalowa m'dothi. Ponseponse panali pouma gwa. Anafukula pang'ono n'kugwira muzu, ndipo unathyoka ngati chikuni.

Anasamba m'manja, navala malaya oyera, nadikira kuti Mayi Shamsa atuluke. Anapempha Dainess kuti abwere adzamuthandize mawu, popeza iye Chiarabu ankachimvako. Kenako anagwada pamchenga monga amachitira munthu wolakwa kwawo, chipewa chili m'manja.

"Mama, chitsamba chija chafa. Ndinachipha ndine. Ndinkayesa ndikudziwa."

Dainess anamasulira. Stephano anapitiriza kuti ngati alola, azula chitsacho abzalepo china, kapena ngati akufuna kuti achoke, achoka popanda mawu.

Mayi Shamsa anayang'ana chitsacho, kenako anayang'ana munthu wa imvi amene anagwada patsogolo pawo. Anayankhula pang'ono chabe, motsitsa.

"Akuti akudziwa," anatero Dainess. "Akuti anadziwa kalekale."

"Ndiye ndizule?"

Dainess anafunsa. Mayiwo anapukusa mutu, naloza keni yothiririra imene inali pakhoma.

"Akuti ayi. Akuti muzithirira basi."

Stephano akadali ku Al Warqa. Munda wa pa nyumbayo ndi wokongola kuposa ina yonse mumsewu umenewo, ndipo asanadule ngakhale kanthambi kamodzi amayamba wagogoda pakhomo. Dzuwa likapendeka Mayi Shamsa amatuluka ndi ndodo yawo n'kukhala pampando. Stephano amadzaza keni, n'kuthira madzi pang'onopang'ono kuzungulira chitsa choumacho mpaka mchenga wonse utanyowa, mayiwo akuyang'ana.