Mafoda asamuka, achimwene

Achimwene, lero ndatsegula malangizo a Chichewa aja munalembera makompyuta a pasukulu pathu ku Kandeu. Chikuikireni m'manda ndinali ndisanawatsegulepo. Koma opanga pulogalamu yoyendetsa kompyuta asintha lamulo la kasungidwe ka mafayilo. Mafoda ena asamuka, ena awaphatikiza, moti ana akatsatira zomwe munalemba akumasochera. Ntchito yokonza yagwera ine.

Nditafika pa tsamba lofotokoza mafoda, ndinawerenga mawu anu kawiri. Mukukumbuka Loweruka lija tinkalilemba pakhonde panu, titakhalira matumba a mbatatesi? Ine ndinkakakamira kuti timasulire Chingerezi mmene chilili. Inu munaseka n'kunena kuti, "Iwe, mwana wa mlimi umuuze za mbatatesi. Foda yoyendetsera makina ndi mbewu, saigwira wamba. Foda ya zinthu zosakhalitsa ndi zokazinga pamsika, mawa kulibe." Ndinati zimenezo n'zachimidzi, ndipo tinakangana mpaka alamu anatikalipira kuti tiyi wazizira. Munalemba zomwezo basi. Mpaka lero ana akamachenjezana mu labu ya makompyuta amati, "Usakhudze mbewu!"

Mayina ndi njira za mafoda ndakonza monga lamulo latsopano likunenera, musadandaule. Koma mbatatesi zanu ndazisiya, mawu ndi mawu. Foda ya dzina lanu nayonso ikadali pomwe munaisiya. Lamulolo silinanene kuti ichoke, ndipo likanati linene, achimwene, sindikanamvera.